Alangizi a msonkho pa boma la Dedza: pa severance alipireni, pa chuma cha masiye chenjerani nawo

Kuno ku Dedza nkhani ya msonkho anthu ambiri amaimva chadodolido. Munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa kampani yachepetsa antchito amakhulupirira kuti ndalama zake zomaliza sizikhudzidwa, poti ndi zomupepesera. Amene bambo ake amwalira n'kusiya nyumba ndi ndalama ku banki amakhulupirira kuti boma likubwera kudzatenga theka, ndiye amayamba kubisa bulubuku ya galimoto ndi mapepala a ku banki anthu asanamete n'komwe. Onse awiri alakwitsa. Severance, ndalama yomwe bwana amapereka kwa wochotsedwa ntchito malinga ndi zaka zomwe wagwira, imadulidwa msonkho pafupifupi yonse, ndipo kawirikawiri umadulidwa wopitirira woyenera. Ndalama imene mwana walandira pa chuma cha kholo lake si malipiro, ndipo iyeyo sailipirira msonkho wa pa zopeza. Msonkho wa pa chuma cha masiye ulipo ndithu, koma umakhala pena, pomwe anthu sayang'anapo.

Pa boma pano pali kaofesi ka akauntanti, m'mbali mwa msewu wochoka pa M1 kulowera kumsika, komwe kamalandira anthu a mavuto awiriwa kuchokera ku Linthipe, Bembeke, Lobi, ena mpaka ku Lizulu. Dzina lake sitilitchula poti sitikukatsatsira malonda, komanso zomwe tanena pano mukhoza kuyesera nazo mlangizi wina aliyense wa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Mumakhala anthu awiri, mkulu wowerengera ndi mtsikana wolemba pa kompyuta. Ntchito yawo yeniyeni ndi ya mabuku a magolosale ndi mabungwe ang'onoang'ono. Za severance ndi za masiye anaziwonjezera ataona kuti anthu akubwera nazo.

Tiyambe ndi mbali yomwe amaichita bwino.

Sakuwerengerani kanthu musanabweretse mapepala, ndipo pamenepa akulondola. Amafuna kalata yokulembani ntchito, poti ndi yomwe ili ndi tsiku lomwe munayamba. Kalata yokuchotsani, poti chifukwa chomwe chalembedwamo ndi chomwe chimanena ngati severance ilipo. Mapepala a malipiro a miyezi yonse kuyambira April. Pepala lomwe abwana anawerengerapo ndalama zanu zomaliza. Chiphaso chaunzika ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA. Kalata yokuchotsani amaiwerenga mawu ndi mawu. Chisinthireni lamulo la zantchito mu 2010, severance imaperekedwa kwa amene wachotsedwa chifukwa ntchito yake yatha, kampani yachepetsa antchito, chuma chavuta kapena kayendetsedwe kasintha, komanso kwa amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha alibe. Wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe alibe. Amene anali pa nthawi yoyeserera alibe. Choncho bwana akakunyengererani kuti mulembe nokha kalata yosiya ntchito "kuti mbiri yanu isaipe", dziwani kuti kalatayo ikukulandani severance yonse. Akauntantiyu amafunsa za ichi poyambirira penipeni, ndipo pa funso limeneli lokha ndalama yomwe mwamulipira yagwira kale ntchito.

Kenako amaphwanya chiwerengero chimodzi chomwe chili pa kalata ya abwana kukhala magawo anayi: severance, ndalama ya notisi, ndalama ya masiku a tchuthi omwe simunapite, ndi malipiro a mwezi womaliza. Makampani ambiri ang'onoang'ono amangolemba mzere umodzi wa "terminal benefits", ndipo cholakwika chimabisala mumzere umenewo.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Munthu wagwira zaka 12 zathunthu pa kampani yocheka matabwa. Amalandira K440,000 pamwezi ndi K80,000 ya nyumba, zonse pamodzi K520,000. Lamulo limati zaka zisanu zoyamba, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu pa chaka. Kuyambira chaka cha 11, masabata anayi pa chaka. Ndiye kuti 10, kuphatikiza 15, kuphatikiza 8: masabata 33. Anthu ambiri amabwera ndi masamu awoawo, akuti poti ndapyola zaka 10, chaka chilichonse ndi masabata anayi, ndiye masabata 48. Akaona 33 pa pepala la abwana amati aberedwa, n'kuyamba mlandu womwe sangapambane. Kaofesika kamawaonetsa masitepe atatuwo pa pepala, aliyense pa mzere wake, ndipo mtima umakhala pansi. Miyezi yotsalira yosakwana chaka siwerengedwa: zaka 12 ndi miyezi 11 ndi zaka 12 basi.

Pomwe abwana amadyera munthu ndi pawiri. Poyamba ndi kuwerengera pa K440,000 yokha n'kusiya ya nyumba, pomwe ndalama ya nyumba imalowa m'malipiro owerengera severance. Pa chitsanzo chathuchi kusiya K80,000 imeneyo kumachotsa ndalama zoposa K600,000. Pachiwiri ndi kapezedwe ka malipiro a sabata. Ena amachulukitsa malipiro a mwezi ndi 12 n'kugawa ndi 52, zomwe zimapereka K120,000 pa sabata ndi severance ya K3,960,000. Ena amangogawa mwezi panayi, K130,000 pa sabata, severance K4,290,000. Kusiyana kwake K330,000. Chomwe tinakonda pa pepala la kaofesika n'choti amalemba njira zonse ziwiri moyandikana, n'kusonyeza yomwe abwana agwiritsa ntchito. Mukapita nalo ku leba, aliyense amaona pomwe pali mkangano osayamba kuwerengera pachiyambi.

Tsopano msonkho, pomwe anthu amagwa mphwayi. Lamulo la msonkho limakhululukira kachigawo koyamba kokha ka ndalama ya munthu amene ntchito yake yatha, ndipo kwa zaka zambiri kachigawo kameneka kakhala K50,000. Masiku ano ndalama imeneyi siigula ngakhale thumba limodzi la feteleza, ndipo ife tikuona kuti aphungu anayenera kuikweza kalekale. Kukhululukaku sikukhudza ndalama ya notisi kapena ya tchuthi. Zimenezo zimadulidwa ngati malipiro ena onse.

Tiwerengere ndi mulingo wa PAYE, msonkho womwe bwana amadula pa malipiro mwezi ndi mwezi, womwe unayamba mu April 2024. Mulingowu umasintha ndi bajeti, choncho inu mufunse wa mwezi womwe mwalipidwa, koma kayendedwe ka masamu n'komweku. K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho. K350,000 yotsatira 25 peresenti. K2,050,000 yotsatira 30 peresenti. Zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa 35 peresenti. Munthu wathu uja walandira severance K3,960,000, notisi ya mwezi umodzi K520,000, masiku 10 a tchuthi K240,000 ndi malipiro a mwezi womaliza K520,000. Zonse K5,240,000. Chotsani K50,000, zotsala K5,190,000. Poti zonse zalowa mwezi umodzi, kompyuta ya malipiro imamuona ngati munthu wolandira mamiliyoni asanu pamwezi: K87,500, kuphatikiza K615,000, kuphatikiza K924,000. Msonkho K1,626,500. Akupita kwawo ndi K3,613,500, ngongole ya ku SACCO ndi adivansi zisanachotsedwe. Msonkho umawerengedwa pa ndalama yonse ngongole zisanachoke, osati pa zomwe zatsala m'manja.

Abwana sanabe apa, achita zomwe tebulo la mwezi likunena. Koma msonkho wa munthu ndi wa chaka chonse, PAYE ndi kungopereka pang'onopang'ono pasadakhale. Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Tinene kuti munthuyu wachotsedwa kumapeto kwa September ndipo sanapezenso ntchito ina mpaka March. Zomwe wapeza chaka chonse ndi miyezi isanu ya K520,000, yomwe ndi K2,600,000, kuphatikiza K5,190,000 ija: K7,790,000. Pa mulingo wa chaka, K1,800,000 yoyamba ilibe msonkho, K4,200,000 yotsatira imapereka K1,050,000, ndipo K1,790,000 yotsala pa 30 peresenti imapereka K537,000. Msonkho wake woyenera ndi K1,587,000. Koma anadulidwa K93,500 mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ija, K467,500, kuphatikiza K1,626,500 ya mwezi womaliza: K2,094,000. Wapereka K507,000 yopitirira. Zifukwa zake n'ziwiri: miyezi isanu ndi umodzi yomwe wakhala pakhomo ili ndi gawo lake lopanda msonkho lomwe sanaligwiritse ntchito, ndipo pa chaka chonse sanafikeko pa mulingo wa 35 peresenti.

Ndalama imeneyi siibwera yokha. Pamafunika kulemba return, fomu yonena zonse zomwe mwapeza pa chaka, n'kuipereka ku MRA pasanathe masiku 180 chaka cha msonkho chitatha, ndi kupempha kuti zopitirirazo zibwezedwe. Apa ndi pomwe kaofesika kamaposa ena onse omwe amangowerengera severance n'kukutsanzikani. Amakuuzani tsiku lomwelo kuti musachoke pa ntchito popanda P9, chikalata chosonyeza zonse zomwe mwalandira ndi msonkho womwe wadulidwa. Ngati mulibe TPIN yanuyanu amakuthandizani kulembetsa, amakutsegulirani akaunti ya pa intaneti ya MRA yotchedwa Msonkho Online, ndipo April akafika amakuimbirani. Amakuuzaninso zosakoma kumva. Mukapeza ntchito ina kapena mukayamba geni yopindula chaka chomwecho, ndalama yobwezayo imachepa, poti zonse zimalowa mu return imodzi. Mukachotsedwa mu March, pa chitsanzo chomwechi yopitirira imangokhala K132,000. Ndipo MRA imayamba yaunika isanabweze kalikonse.

Chomwe chimaononga pempho lotere kawirikawiri ndi bwana amene ankadula PAYE osakaipereka. Lamulo limamuuza kupereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, koma kampani yomwe ikuchepetsa antchito nthawi zambiri ndi yomwe ndalama zaivuta kale, ndipo ya msonkho ndi yomwe imayamba kudyedwa. Mapepala anu a malipiro ndiwo umboni woti inu munadulidwa. Asungeni onse, ngakhale ofufutika. Enanso amaluza chifukwa dzina la pa P9 likusiyana ndi la pa chiphaso chaunzika, kapena TPIN yalembedwa molakwika. Mtsikana wa pa kompyuta uja amafananiza zilembo chimodzichimodzi asanatumize kanthu, ndipo khalidwe limeneli ndi losowa.

Pali malire omwe kaofesika kayenera kumawanena mokweza kuposa momwe kamachitira. Iwo ndi owerengera, si a leba ndipo si maloya. Ndalama zomaliza ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Dandaulo loti severance sinaperekedwe, kapena loti munachotsedwa mopanda chilungamo, limapita kwa mkulu wa ofesi ya zantchito ya m'boma pasanathe miyezi itatu, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti la zantchito ku Lilongwe. Akauntantiyu amakonda kulembera abwana kalata, n'kudikira yankho, n'kulembanso ina. Makalatawo ndi aulemu, olembedwa bwino, koma saimitsa kalendala. Tengani pepala lake la masamu, mukalembetse dandaulo ku leba sabata yomweyo, makalata azipita dandaulo lili kale m'buku.

Pa penshoni amangodutsa, ndipo mwina n'koyenera. Chofunika kudziwa n'choti penshoni si severance. Bwana sangakuuzeni kuti poti amakuikirani 10 peresenti mwezi ndi mwezi, inu n'kumaika 5, ndiye severance palibe. Ndalama ya ku penshoni ili ndi malamulo ake a nthawi yodikira ndi gawo lomwe mungatenge musanafike zaka zopumira, ndipo amene angakuuzeni zenizeni ndi kampani yomwe ikusunga thumbalo. Funsani sitetimenti, muone ngati miyezi yonse yomwe munadulidwa inafika.

Tikafika pa chuma cha masiye, chiweruzo chathu chimagawika.

Amayamba bwino. Amakukhazikani pansi n'kulemba m'ndandanda wa zonse: ndalama za ku banki ndi ku SACCO, nyumba ya pa boma yomwe ili pa lendi, lole yomwe imanyamula mbatata ya kachewere kuchoka ku Bembeke kapena ku Tsangano kupita ku Lilongwe, ng'ombe, katundu wa m'golosale, ngongole zomwe malemu anali nazo ndi zomwe ena ali nazo kwa iye. Amafotokoza momveka kuti msonkho wotchedwa estate duty umawerengedwa pa mtengo wa chuma chonse pa tsiku la imfa, ngongole zitachotsedwa, ndipo umakwera malinga ndi kukula kwa chumacho. Chuma chochepa sichilipira kanthu. Amapereka ndi woyendetsa chuma, kuchokera m'chumacho, chisanagawidwe. Mafomu ake amadutsa ku ofesi ya boma yoona za msonkhowu, ndipo bwalo lalikulu la milandu limafuna kuona kuti za msonkhowu zakonzedwa lisanapereke chikalata cha letters of administration, chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Mwana akalandira gawo lake, palibenso wina wodzamudula pa ndalama imeneyo. Kungomva izi mabanja ambiri amasiya kubisa katundu, ndipo ndi bwino, chifukwa chinthu chomwe sichinalembedwe m'ndandanda wa ku khoti chimadzavuta kusintha dzina.

Chomwe amachidziwa bwino kuposa maloya ambiri ndi ndalama zomwe chuma chimabala mwini wake atamwalira. Nyumba imapitiriza kulandira lendi. Lole imapitiriza kuyenda. Ndalama ya ku banki imabala chiwongoladzanja, chomwe banki imadulapo 20 peresenti isanakupatseni. Zimenezi si cholowa ayi, ndi zopeza zatsopano, ndipo zili ndi msonkho. Mabanja amatha zaka ziwiri kapena zitatu akukangana, lendi ikulowa m'thumba la mchimwene wamkulu popanda lisiti, ndipo tsiku logulitsa nyumba likafika amapeza kuti sangasinthe dzina popanda chikalata cha tax clearance, chosonyeza kuti palibe ngongole ya msonkho ku MRA. Chikalata chomwecho chimafunikanso pokonzetsa COF, chiphaso choti galimoto yamalonda ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Kaofesika kamatsegula kabuku kapadera koyambira pa tsiku la imfa, ndalama yolowa mbali ina, yotuluka mbali ina. Ngati wochita lendi ndi bungwe kapena kampani yomwe imadula withholding tax, msonkho wochotsedwa pa lendi isanaperekedwe, amakutumani kukatenga masatifiketi ake, chifukwa ndalama yodulidwayo imachotsedwa pa msonkho womwe mudzafunsidwe. Amafunsanso ngati malemu anali ndi ngongole ya msonkho wa bizinesi yake. Ngongole imeneyo siifa ndi munthu, imaperekedwa chuma chisanagawidwe, ndipo woyendetsa chuma amene wagawa zonse asanaipereke akhoza kudzafunsidwa iyeyo.

Amanenanso zoona pa nkhani yogulitsa. Nyumba ikachoka pa chuma cha malemu kupita kwa mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake, lamulo la msonkho silitenga kusamukako ngati phindu. Koma mwanayo akadzaigulitsa nyumba ya lendi ija, phindu lake lili ndi msonkho. Umawerengedwa pa phindu, osati pa mtengo wonse, choncho mapepala ogulira puloti, malisiti a simenti ndi malata, ndi lipoti la wowerengera mtengo wa nyumba ndi zinthu zosataya. Anthu posesa m'nyumba ya malemu amawotcha mapepala "akalekale" osadziwa kuti akuwotcha umboni.

Apa tiikepo mawu athu, chifukwa akauntantiyu amangozilambalala. M'midzi yambiri ya ku Dedza ndi ku Ntcheu mbumba imatsata kwa amayi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkayang'ana kwa alongo ake ndi aphwake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967, linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, kenako ena omwe ankadalira malemu. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Mphwake wa malemu amalandira ngati analembedwa mu wilu kapena ngati ankaleredwa ndi malemuyo, osati chifukwa cha mwambo wokha, ndipo kukhululuka kwa msonkho komwe tanena pamwambapa kumatchula okwatirana ndi ana. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa chindapusa ndi zaka 10 kundende. Kaofesika kamalandira aliyense amene wabwera ndi mapepala, kaya ndi amalume, kaya ndi mwinimbumba, osafunsa ngati mayi wamasiye akudziwa, ngati kuli ana ena kwa mayi wina. M'ndandanda wa chuma wolembedwa bwino uli m'manja mwa munthu wolakwika ndi chida cha wolanda chuma. Tikadakonda akanamakana kuyamba ntchito popanda wamasiye kapena mwana wamkulu m'chipindamo.

Cholakwika china chili pa fomu yawo. Penshoni ya malemu ndi inshulansi ya moyo ya kuntchito amazilemba mumzere umodzi ndi ndalama za ku banki. Sizili gulu limodzi. Ndalama ya imfa ya ku penshoni imapita kwa omwe malemu anawalemba pa fomu yosankha olandira, ndipo siilowa m'chuma chogawidwa ndi woyendetsa. Lamulo la penshoni limauzanso bwana kukhala ndi inshulansi ya moyo wa wantchito yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Banja likapita kwa abwana ndi ku kampani ya penshoni ndi satifiketi ya imfa yochokera ku NRB ndi ziphaso za olandira, ndalama zimenezi zimatha kutuluka za ku khoti zisanathe, ndipo ndi zomwe zimalipira fizi ya ana pa nthawi yodikirayo. Kuziphatikiza ndi chuma china kumachedwetsa banja pachabe ndipo kumakulitsa chiwerengero chomwe iwo amawerengerapo malipiro awo.

Nkhani ya malipiro awo ndi yomwe sitikugwirizana nayo kwambiri. Pa severance amatchula mtengo umodzi musanayambe, amapereka lisiti, ndipo ntchito ya return mu April ili ndi mtengo wakewake wodziwikiratu. Palibe chodandaula. Pa masiye amakonda kunena peresenti ya chuma chonse, "kuti tikuyendereni zonse mpaka kumapeto". Koma zonsezo sangaziyende. Sangaime pa khoti. Sangawerengere mtengo wa nyumba, pamafunika katswiri wovomerezeka wa ntchito imeneyo, yemwe mumulipiranso padera. Lamulo la 2011 linaika malire a chuma chaching'ono pa K1,000,000, chomwe chimatha kuyendetsedwa kudzera kwa DC ndi khoti la majisitireti pa boma pompano. Chuma chilichonse chokhala ndi nyumba ya malata chimapyola pamenepo masiku ano, ndiye ulendo wa ku bwalo lalikulu ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85, sungapeweke. Kumeneko mufunika loya, kapena ofesi ya boma yoyendetsa chuma cha masiye ya Administrator General, kapena a Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama. Mukavomera peresenti, mumalipira kawiri pa ulendo umodzi. Pemphani mtengo wa ntchito iliyonse payokha: wolemba m'ndandanda, wosunga kabuku ka lendi, wolemba return, wotsatira tax clearance. Akakakamira peresenti, afunseni alembe pa pepala kuti penshoni ndi inshulansi sizilowamo.

Ndipo musasiye mapepala enieni m'manja mwa mlangizi aliyense. Wilu, chikalata cha malo, bulubuku, satifiketi ya imfa: aone, ajambule, inu mubwerere nazo. Nambala yachinsinsi ya Msonkho Online muisinthe ntchito ikatha, ndipo nambala ya foni yolembedwa ku MRA ikhale yanu, osati ya ofesi yawo. Pa ichi kaofesika sikakakamira, koma sikakukumbutsaninso.

Malo ake ndi opanikiza. Chipinda n'chimodzi, benchi ya odikira ili pafupi ndi tebulo, ndipo pa boma laling'ono ngati lino munthu amene wakhala kumbuyo kwanu akhoza kukhala mlamu wa amene mukukangana naye. Nkhani ya mamiliyoni a malemu siyokambira pamenepo. Pemphani nthawi ya masana anthu atachepa, kapena muwapemphe odikira ayambe akhala panja, amavomera. Magetsi akazima makina osindikizira amaima, ndiye musavomere kungouzidwa chiwerengero pakamwa, bwererani mawa mudzatenge pepala. Mu April ndi mu September amakhala otanganidwa ndi mabuku a mabizinesi, ndipo ntchito ya munthu mmodzi imatsalira. Amene akufuna return yake ipite msanga apereke P9 kumayambiriro kwa May.

Amalankhula Chichewa chomveka, sathamangira mawu achizungu pofuna kuoneka ophunzira, ndipo agogo amene sadziwa kuwerenga amawawerengera mzere uliwonse mokweza. Pepala lomaliza lokha ndi lomwe limatuluka m'Chingerezi. Pemphani alembe kumbuyo kwake m'Chichewa mizere inayi ija ya severance, notisi, tchuthi ndi malipiro a mwezi womaliza, pamodzi ndi msonkho, kuti pokafotokoza kunyumba pasakhale wokayikira kuti mwabisa ina.

Si aliyense ayenera kupitako. Amene wagwira zaka ziwiri pa malipiro omwe sankadulidwa PAYE angowerengetsa ku leba, severance yake ndi masabata anayi ndipo palibe chambiri choti abwezeredwe. Banja lomwe malemu anangosiya ndalama pang'ono ku banki ndi njinga yamoto liyambire kwa DC. Woyenera kulipira akauntantiyu ndi amene ndalama zake zomaliza zakwera mpaka pa mulingo wapamwamba wa PAYE chaka chisanathe, ndi banja lomwe malemu anasiya nyumba ya lendi, galimoto yamalonda kapena bizinesi yokhala ndi TPIN. Oterewa apite sabata yoyamba, asanasaine pepala lililonse lovomereza kuti alandira zonse, chifukwa pepala limenelo likasainidwa, kukamba za K600,000 ya nyumba ija kumakhala kovuta kwambiri.